Phunziro 17: Kusankha Magudumu a Njinga

Mawu a lero: gudumu, limu, sipoko, habu, tayala, chubu.

Anzathu, ntchito ya mlimi siithera m'munda. Tikakolola chimanga, mpunga kapena nandolo, pamatsala kunyamula. Kuno ku Mecanhelas njanji ilipo. Inalumikizidwa ndi ya ku Malawi m'chaka cha 1970, kudzera pa Entre Lagos ndi Nayuchi, ndipo pamadutsa sitima zazitali za malasha zochokera ku Moatize kupita ku Nacala. Koma sitima siifika pankhokwe ya munthu. Chochotsa thumba pakhomo kukalitula pamsika wa Insaca ndi njinga. Yopita ndi wodwala kuchipatala usiku ndi njinga. Yobwera ndi dengu la matemba kuchokera ku Chilwa ndi njinganso.

Kodi njinga imayamba kufa pati? Felemu imakhala zaka zambiri. Chishalo chikang'ambika timakulungapo nsanza, ulendo nkumapitirira. Koma gudumu la kumbuyo likapindika, basi, ulendo wathera pomwepo. Thumba lili pansi, dzuwa likuswa mtengo, ndipo pofika kumsika ogula apachika kale sikelo. Tsono lero tiphunzira kusankha gudumu lolimba, la mtengo umene mlimi angathe.

Ziwalo za gudumu

Ena amati gudumu, ena amati wilo. Ambiri timangoti tayala. Koma pogula tiyenera kutchula chinthu ndi dzina lake, kuopa kupatsidwa china.

Pakati pa gudumu pali habu. M'kati mwa habu mumadutsa ekiselo, chitsulo chija timamanga ndi manati ku felemu. Kunja kuli mkombero, ndiwo limu. Timawaya tolumikiza habu ndi limu ndi masipoko. Limu imavala tayala, ndipo m'kati mwa tayala muli chubu chosunga mpweya.

M'masitolo a ku Cuamba mayina ake ndi a Chipwitikizi. Limu amati aro kapena jante. Sipoko ndi raio. Habu ndi cubo. Tayala ndi pneu, ndipo chubu ndi câmara de ar. Lembani mayina amenewa m'kope. Mukatuma mwana kusitolo, mpatseni kapepala.

Tiwerenge pa tayala

M'chinenero chathu mawu oti kuwerenga ali pawiri. Timawerenga zilembo, timawerenganso mbuzi m'khola. Pogula gudumu, kuwerenga konse kuwiri kumafunika. Tiyambe ndi zolembedwa.

Tengani nsanza yonyowa, mupukute m'mbali mwa tayala. Muonapo manambala. Pa njinga zakuda zija zonyamula katundu, monga Hero ya ku India ndi Phoenix ya ku China, kawirikawiri pamalembedwa 28 x 1 1/2. Amenewo ndi mainchesi. Pa matayala ambiri pamakhalanso nambala ina, yotere: 40-635. Amenewo ndi mamilimita. 40 akunena kunenepa kwa tayala. 635 akunena kukula kwa limu, pamene mlomo wa tayala umakhala.

Nambala yoti tigwiritse ndi yachiwiriyi. Chifukwa chake nchiyani? Tamvani. Matayala otchedwa 28 alipo a mitundu iwiri. Lina ndi la 635, lina ndi la 622. Amasiyana mamilimita 13 okha, ngati kunenepa kwa chala chakaniye. Ndi maso simungaone. Koma tayala la 622 silingalowe pa limu ya 635, ngakhale mulikanikize ndi masipuni awiri. Mungoboola chubu pachabe. Ndipo tayala la 635 pa limu ya 622 limalowa mosavuta, mwini wake nkumakondwa. Akapopa, tayala limavuka, chubu nkuphulika, phuu!

Ndi 26 nkhani yake ndi yomweyo. Njinga za magiya, za matayala onenepa a mapindi, zimavala 559. Koma tayala lolembedwa 26 x 1 3/8 ndi la 590. Onse akuti 26, koma sabwerekana. Palinso 27 x 1 1/4, ndilo la 630.

Wogulitsa angathe kunena kuti, "Bambo, 28 ndi 28 basi, tengani." Musakangane naye. Mwina nayenso sadziwa. Ingonenani kuti, "Pepani achimwene, ndione kaye nambala." Kale tikanangovomera. Lero tikutha kuwerenga. Ngati nambala ya mamilimita palibe, kapena inafufutika, nyamulani tayala lakale, mukaliyerekeze ndi latsopano mlomo ndi mlomo.

Muonenso valavu ya chubu. Ya njinga zakuda imatchedwa Dunlop. Dzinali ndi la John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto amene anapangira mwana wake tayala la mpweya ku Belfast. Palinso valavu yonenepa, yonga ya galimoto, ndi ina yoonda ya njinga za mpikisano. Gulani chubu chimene valavu yake ilowa pabowo la limu yanu, ndiponso imene pampu yanu imagwira.

Tiwerenge masipoko

Apa ndipo pagona mphamvu ya gudumu, choncho tichedwepo pang'ono.

Sipoko ndi kawaya chabe. Mwana angathe kuipinda ndi manja. Nanga zimatheka bwanji kuti timawaya 36 tinyamule munthu ndi matumba awiri a makilogalamu 50? Yankho ndi kukoka. Taganizani za ng'oma. Chikopa chikakokedwa mbali zonse mofanana, ng'oma imalira. Mbali imodzi ikakhwepa, ng'oma yafa. Gudumu ndi chimodzimodzi. Sipoko iliyonse imakoka limu kulozetsa ku habu. Zonse zikamakoka mofanana, limu imaima chilili.

Tikakweza katundu, masipoko amene ali pansi amapepukidwa pang'ono. Gudumu likazungulira, amakokanso. Sipoko yokungika bwino siimva kanthu. Koma yokhwepa imagwedera pakhosi pake, paja yapindikira polowa mu habu. Gudumu la 28 limayenda mamita awiri ndi pang'ono likazungulira kamodzi. Ndiye kuti pa kilomita imodzi limazungulira pafupifupi ka 450. Pa ulendo wa makilomita 20 ndi pafupifupi ka 9,000. Tengani waya, muupinde uku ndi uku kambirimbiri. Uduka, eti? Ndi mmene sipoko imathyokera. Nchifukwa chake masipoko ambiri amathyokera pakhosi, ndipo yoyamba kuthyoka kawirikawiri ndi yokhwepa.

Imodzi ikathyoka, limu imapendekera mbali ina, ndipo masipoko oyandikana nayo amasenza ntchito ya mnzawo. Mawa yathyoka yachiwiri, mkuja yachitatu. Ena amangokulunga sipoko yothyokayo pa inzake nkumayendabe sabata yathunthu. Sipoko imodzi ndi yotsika mtengo kuposa chilichonse pa gudumu. Limu ndiye yodula. Tiike sipoko tsiku lomwelo.

Tsopano tiwerenge. Yambirani pa valavu, muzungulire mpaka mubwerere pomwepo. Magudumu ambiri ali ndi masipoko 36. Njinga zakale za ku England, monga Raleigh ndi Humber, zinkakhala ndi 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo. Opangawo anadziwa kuti kulemera kumatsamira kumbuyo. Kwa ife onyamula matumba, gudumu la kumbuyo lisachepere 36. Ndipo pogula limu yokha, mabowo ake akhale ofanana ndi a habu. Limu ya mabowo 36 siigwirizana ndi habu ya 40.

Masipoko amasiyananso kunenepa. Ya nambala 14 ndi mamilimita 2. Ya nambala 13 ndi 2.3. Ya nambala 12 ndi 2.6. Mwaona? Nambala ikamachepa, sipoko ikunenepa. Asodzi a ku Chiuta sadabwa, pakuti mbedza nazo zimatero. Njinga ya Buffalo, imene bungwe la World Bicycle Relief linapangira misewu ya kumudzi, ndipo imagulitsidwa ku Malawi ndi ku Zambia, ili ndi keliyala yoti inyamule makilogalamu 100. Opangawo anaiikira masipoko onenepa. Ifenso kumbuyo tiike a 13 kapena a 12, malinga ngati mabowo a habu akulola. Kutsogolo a 14 akwana. Pokagula, tengani sipoko yakale ya gudumu lomwelo, chifukwa utali wake umasiyana.

Komabe ife tikuti gudumu la masipoko a 14 lomangidwa ndi mmisiri wodekha liposa la 12 lomangidwa mothamanga. Chitsulo pachokha sichikwanira. Choncho yesani. Finyani masipoko awiriawiri ndi dzanja, kuzungulira gudumu lonse. Onse akhale gwa, mofanana. Kenaka akhwatchuleni ndi chikhadabo ngati chingwe cha bangwe. Yokungika imalira ngwee. Yokhwepa imangoti phu. Mukapeza okhwepa ambiri, gudumu limenelo silinamalizidwe kumanga. Musalikweze thumba lisanapite kwa wokonza njinga.

Ngakhale gudumu labwino limakhwepa pang'ono likayamba ntchito. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mukunyamula, libwezeni kwa mmisiri akalikunge. Ambiri timaumira ndi kandalama kameneka. Pambuyo pake timagula limu.

Limu

Funso loyamba ndi la mabuleki. Njinga zakuda zambiri zili ndi mabuleki a tizitsulo, amene amakoka mphira kuti igwire limu kunsi, kumbali ya masipoko. Limu yake ndi yotambalala, ya mapewa. Njinga za mabuleki a waya zimagwira limu m'mbali, ndipo limu yake ili ndi mbali zosalala. Mukasinthanitsa, buleki siigwira. Pamtsetse, ndi matumba awiri kumbuyo, imeneyo ndi ngozi.

Funso lachiwiri: chitsulo kapena aluminiyamu? Tengani maginito a m'sipika ya wailesi yakufa. Akamata, ndi chitsulo. Akapanda kumata, ndi aluminiyamu. Limu yachitsulo ndi yolemera, koma ikaphwanyika mlomo pamwala mmisiri amatha kuiwongola. Mdani wake ndi dzimbiri. Ya aluminiyamu siichita dzimbiri, ndipo buleki imagwira bwino pamvula. Koma mchenga wokanirira pa mphira za buleki umaipala pang'onopang'ono mpaka mbali zake zitapyapyala. Ngati mukugula ya aluminiyamu, funani ya makoma awiri. Mukachotsa tayala, ya makoma awiri imaoneka mabowo akuluakulu, mitu ya masipoko ili m'kati mwake. Ya khoma limodzi mitu imaonekera pamtunda. Imeneyo siichedwa kupindika ndi katundu.

Za dzimbiri, anzathu ogula nsomba amvetsetse. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, nchifukwa chake madzi ake ali ndi mchere. Madzi ndi matope a kumeneko amadya chitsulo msanga, makamaka m'kati mwa limu, mmene maso saona. Mukabwera kunyanja, tsukani magudumu ndi madzi a pachitsime, muwaumitse. Pogula limu yogwirapo kale ntchito, musakhutire ndi kunja kwake kuti waliwali. Chotsani tayala, muone m'kati. Muone polumikizira limu, ndi m'mbali mwa mabowo a masipoko. Pakakhala mng'alu, kapena dzimbiri lofundukuka ngati makungwa, isiyeni, ngakhale akutsitsireni mtengo.

Kenaka zungulitsani gudumu. Gwirani kaudzu pafupi ndi limu, dzanja litatsamira pa felemu. Limu yowongoka imadutsa osakhudza. Yopindika imati kukhudza, kutalikira, kukhudza. Kupindikira kumbali pang'ono kumawongoleka ndi masipoko. Koma limu yodumpha, yokwera ndi kutsika ngati dzira, kawirikawiri inamenyedwa padzenje, ndipo siibwerera bwino.

Chinthu china chaching'ono. M'kati mwa limu muyenera kukhala lamba wophimba mitu ya masipoko. Popanda lamba ameneyu chubu chimabooka kunsi, munthu nkumanamizira minga. Legeni wodulidwa ku chubu chakale amagwira ntchitoyi bwinobwino, ndipo ndi waulere.

Habu ndi tayala

Gwirani ekiselo ndi zala, muipotokole. Iziyenda myaa. Ikamalira ngati muli mchenga, timipira tachitsulo ta m'katimo tadyeka, kapena makoni amene timayendapo akumbika. Igwedezeninso uku ndi uku. Isamachite gwedegwede. Habu ya kumbuyo kawirikawiri imakhala ndi timipira 9 mbali iliyonse. Ya kutsogolo imakhala ndi tocheperapo msinkhu, nthawi zambiri 10. Timipira ndi makoni ndi zotsika mtengo. Koma mbale ya m'kati mwa habu ikakumbika, habu yonse yatha. Mahabu atsopano ena amabwera ndi girisi wochepa kwambiri. Atsegulitseni, muikemo girisi musanayambe kuyenda, ndiponso chaka chilichonse mvula ikatha.

Tayala lipindeni ndi manja. Likaonetsa timing'alu m'mbali, lakalamba, ngakhale silinayendepo. Dzuwa limapsereza mphira, tsono tayala lokhalitsa pamtanda wa pamsika si latsopano ayi. Ndipo tayala labwino limafa msanga ndi mpweya wochepa. Mukagunda mwala, limu imatsina chubu, nkusiya timabowo tiwiri toyandikana. Mukaona timabowo totere, dziwani kuti si minga. Popani mokwanira musanakweze katundu. Tayala la kumbuyo limatha msanga, inde, koma lothaitha musalisamutsire kutsogolo. La kutsogolo likaphulika, munthu amagwa chamutu.

Njinga zoonda zija

Anyamata ena agula njinga za kaunjika, zopepuka, za mahandulo opindikira pansi. Zimathamanga ndithu. Zinapangidwira mpikisano pamsewu wa tala. Pa tayala pake pamalembedwa 700 x 23C kapena 700 x 25C, ndipo limu yake ndi ya 622. Zina zili ndi masipoko 20 kapena 24 okha. Gudumu lotere limakongola, koma sipoko imodzi ikathyoka limapindika kwambiri mpaka kukhula felemu, ndipo sipoko yake siipezeka wamba.

Ngati muli nayo, sitikuti muitaye. Gudumu likafa, funani la 622 la masipoko 32 kapena 36, opingasana, pa limu ya makoma awiri. Ikani tayala lonenepa limene felemu ingalole, la 28 kapena 32, kusiya mpata woti matope adutse. Muwerengenso magiya a kumbuyo, kuti gudumu latsopano ligwirizane nawo. Ikatero idzakufikitsani kusukulu ndi kumsonkhano. Koma thumba la mpunga ayi. Imeneyo si ntchito yake.

Tichite masamu

Tiyerekeze kuti pamsika pali magudumu awiri a kumbuyo. Loyamba ndi la mametikali 900, ndipo limatha nyengo imodzi yokolola. Lachiwiri ndi la 1,500, ndipo limatha nyengo zitatu. Pa nyengo zitatu, wogula loyamba awononga 900 katatu, ndiwo 2,700. Wogula lachiwiri awononga 1,500, ndiye kuti 500 pa nyengo. Lotsika mtengo ndi liti? Apa sitinawerengere tsiku lotayika panjira, kapena ndalama yolipira wina kuti atinyamulire thumba. Mitengoyi ndi yongoyerekeza. Inu muikepo ya pamsika wanu.

Koma chenjerani. Kudula si umboni wa kulimba. Pali magudumu odula chifukwa cha utoto ndi zomatamata. Umboni ndi umene taphunzira uja: nambala, masipoko, maginito, kaudzu, zala pa ekiselo.

Nanga amene ali ndi 900 yokha atani? Asagule magudumu awiri ofooka. Ndalama yonse ipite kumbuyo, la kutsogolo lidikire chaka chamawa. Ndiponso si nthawi zonse pamene tiyenera kugula gudumu lathunthu. Ngati habu ili bwino, isungeni, mugule limu ndi masipoko, mmisiri amange. Ngati limu ndi yowongoka koma masipoko akuthyoka motsatizana, sinthani masipoko onse nthawi imodzi. Nthawi yabwino yochita zimenezi ndi pamene tagulitsa mbewu, ndalama isanabalalike, mvula isanawononge misewu.

Mu koperativa tingathe kuchita zimene munthu mmodzi sangathe. Masipoko ogula imodziimodzi amadula. Pa bokosi amabwera ambiri, kawirikawiri 144. Tingasonkhe, mmodzi wa ife akagule bokosi, pamodzi ndi girisi, timipira, zigamba ndi kiyi yokungira masipoko. Tingagwirizanenso kuti pogula njinga zatsopano tizisankha za gudumu la nambala imodzi. Pamenepo chubu cha Amayi uje chidzalowa pa njinga ya Abambo uje, ndipo wodwala sadzagona pakhomo chifukwa cha tayala. Mlembi akhale ndi kope. Alembemo tsiku logula, mtengo, dzina lolembedwa pa tayala kapena pa limu, ndi tsiku limene chinthucho chafa. Pakatha nyengo ziwiri, kope limenelo lidzatiuza mtundu wolimba m'misewu yathu ino.

Ntchito

Lembani m'kope mawu awa: gudumu, limu, sipoko, habu, tayala, chubu. Pambali pa lililonse lembani dzina lake la Chipwitikizi, ngati lili m'phunziroli.

Bokosi lili ndi masipoko 144. Gudumu limodzi lifuna 36. Kodi bokosilo limanga magudumu angati? Nanga ngati gudumu lifuna 40, pamangidwa angati, ndipo patsala masipoko angati?

Munthu wa makilogalamu 60 wakweza matumba awiri a makilogalamu 50. Kodi magudumu asenza makilogalamu angati, kupatula njinga?

Pamsonkhano wotsatira aliyense abwere ndi njinga, yake kapena yobwereka. Amayi nawonso abwere nazo. Tidzakhala awiriawiri. Wina adzawerenga nambala ya pa tayala ndi masipoko a kumbuyo, mnzake adzalemba. Musaiwale nsanza yopukutira, ndipo amene ali ndi wailesi yakufa atenge maginito.